Madontho Khumi ndi Awiri a Posalemba

Inu amene phiri la Mulanje mumangolionera pa windo la basi n'kumalozerana kuti "taonani kukongola", sendezani mipando mumve. Kukongolako n'kwa kunsi kuno. Kumwambako kuli matanthwe oterera, mapanga opanda malekezero, ndi nkhungu imene imafika osaodira. Kulinso zina zimene ife a ku Likhubula sitizikamba tili chiimire.

Zakeyu Namwaya anakhala gayidi, woperekeza alendo m'phirimo, zaka makumi atatu. Anayamba ali wosenza zikwama za azungu, kumapazi kulibe nsapato. Mawondo atayamba kumulirira pa chitsetso, anzake a m'bungwe la magayidi anamupatsa ntchito ya nkhalamba, yolemba njira. Paja njira yopita pa nsonga ya Sapitwa siioneka ndi maso, poti pa thanthwe sipatsala phazi. Munthu amatsata madontho a penti yofiira opakidwa pa miyala, dontho ili n'kukupereka kwa linzake. Mvula ikatha, wina amayenera kukwera ndi chitini kukawadzutsa, ndipo winayo anali Zakeyu.

Ntchitoyi ankanyada nayo ngati wapatsidwa unduna. Dontho lake silinali dontho wamba. Linkakhala ndi kamchira koloza kumene kuli lotsatira, ndipo poti mkuluyu anali wamanzere, kamchirako kankakhota pang'ono ngati mbedza. Aliyense woyenda m'phirimo ankalidziwa dzanja limenelo.

Pa zaka zonsezo anamva mbiri ya mapiri ambiri, akuotha moto m'kanyumba ka alendo ka pa Chisepo. Anamva za Himalaya, kumene anthu amapuma mpweya wa m'mabotolo, za Alps, za Andes, za Kilimanjaro wa anzathu a ku Tanzania. Alendo amakonda kukamba za amene anayamba kuponda nsonga yakutiyakuti, dzina lake ndi chaka chomwe. Zakeyu ankamvetsera mwaulemu, kenaka n'kufunsa kuti, "Nanga anamusenzera hema anali ndani?" Kawirikawiri mlendo ankangokanda m'mutu. Koma funso limene ankalikonda zedi linali lakuti njira amailemba bwanji kumeneko. Ena anati amaunjika miyala, ena anati amakhoma zitsulo, ena anati eni dziko amamanga zingwe zatsopano chaka ndi chaka. Mayi wina wa ku Jeremani anamuuza kuti pa phiri lalitali kuposa onse, ena amene anafera m'njira sanatsitsidwe, ndipo okwera ankadziwira pa mitembo yawo kuti afika pati. Tsiku limenelo chakudya chinamukanika Zakeyu. "Ife bola penti," anatero, n'kukagona.

Komabe panali malo amodzi pamene penti yakeyo sinkafika. Ukayenda maola awiri kuchoka pa Chisepo, umafika pa thanthwe lathyathyathya, lalikulu ngati bwalo la mpira. Madontho ankathera tsidya lino n'kukayambiranso tsidya linalo, pakati pali mbee. Magayidi amapatcha Posalemba. Ankadutsapo ndi mutu wokha, chipewa chili m'manja, osaimba mluzu. Amene anasiyira Zakeyu ntchitoyi, malemu a Mulaviwa, anamufikitsa pamenepo tsiku loyamba n'kutseka chitini.

"Apa sitilemba," anatero a Mulaviwa.

"Chifukwa chiyani, akulu?"

"Iwe ungakonde munthu akumangire chingwe choyanikira zovala pakati pa njira yako ya kumadzi?"

Basi, anangonena zomwezo. Zakeyu naye sanafunsenso, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankafika pamenepo n'kutseka chitini.

Chimene chinamutsegulitsa chitinicho si mwano ayi, ndi mwana. Mirika, mwana wake wachisamba, anali mkazi yekhayo amene anaphunzira ugayidi m'bungwemo. Miyendo anali nayo, Chingerezi anali nacho, alendo ankamukonda, ndiye mukudziwa mmene amuna timachitira mkazi akatipitirira. Anyamata ankamunena kuti malire a mkazi ndi ku mathithi, kumene kumapita ana a sukulu. M'mwezi wa Meyi nkhungu inamutsekera Posalemba ali ndi alendo atatu, ndipo anaima theka la ola osadziwa kolowera. Wosenza katundu amene anali naye pakamwa pake panalibe chitseko, moti nkhaniyo inafika ku Likhubula mwini wake asanafike. Wapampando wa bungwe anamuitana n'kumuuza kuti zikachitikanso, Sapitwa aiwale.

Madzulo ake Zakeyu anamupeza kuseri kwa khitchini, akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Iwe, gayidi salira," anatero, akuyesa kuseka.

"Ababa, madontho anu ine ndimawadziwa ngakhale mutandidzutsa kutulo," anatero Mirika. "Koma pamene paja palibe inu."

Mawu amenewo anamulasa. Anagona nawo, anadzuka nawo, anapita nawo kutchalitchi. Mumtima anayamba kudzifunsa kuti kodi a Mulaviwa aja sanali chabe nkhalamba yoopa chithunzithunzi chake? Nanga mapiri onse aja amene anamva, anthu amawakhoma zitsulo ndi kuwamanga zingwe, bwanji eni ake sakwiya? Munthu akafuna kuchita chinthu, zifukwa zimachita kumupeza zokha.

Lolemba lina m'mwezi wa Juni anafika Posalemba dzuwa lili paliwombo, kumwamba kuli mbee, abuluzi akuothera pa miyala. Anavula chipewa n'kunena chapansipansi kuti, "Pepani eni malo, n'chifukwa cha mwana." Anatsegula chitini. Analemba madontho khumi ndi awiri, kuyambira tsidya lino mpaka tsidya linalo, lililonse ndi kamchira kake.

Palibe chinagunda, palibe chinalira. Anangoona kuti abuluzi aja palibe. Chivindikiro cha chitini, chimene anachisiya pa dontho loyamba, anachipeza pa dontho lachisanu ndi chiwiri, chitaikidwa bwinobwino chogadama. Anati mwina ndi mphepo, ngakhale mphepo kunalibe.

Akutsika anakumana ndi mayi wachikulire, wamfupi, atasenza mtolo wa nkhuni. Kumtunda kumeneko amayi satolako nkhuni, mitengo yake ndi ziyangoyango zokhazokha. Komatu mtolowo unkanunkhira mkungudza wongodula kumene.

"Moni amayi," anatero Zakeyu, akupatuka.

Mayiyo sanayankhe moniyo. Anayang'ana chitini.

"Ndinu mwalemba?"

"Ndine, amayi."

"Mwachita bwino. Ifenso maso anatha."

Anadutsa. Zakeyu anayenda mapazi asanu, n'kuzindikira kuti mayiyo walankhula Chilomwe chakalekale, chimene iye anachimva komaliza kwa agogo ake. Atacheuka anamuona ali kale pamwamba pa thanthwe limene iye amalikwera mphindi khumi. Anayesa kukumbukira nkhope yake, inakana kubwera.

Mlonda wa kanyumba ka pa Chisepo anali Sikelo, mlamu wake, munthu wocheza mpaka kuiwala madzi pamoto. Madzulo amenewo anacheza yekha, Zakeyu akungoti "eya, eya". Zakeyu anasamba m'manja ndi parafini wotsiriza amene anali m'botolo, anatsuka bulashi, anaika chitini pansi pa benchi, n'kugona.

M'mawa anapeza Sikelo ataima pakhomo, tiyi osateleka.

"Alamu, munatuluka usiku?"

"Ine? Ayi."

"Ndinamva chitseko. Ndimati mwapita kukataya madzi." Sikelo analoza panja. "Koma mapazi ake anali ambiri."

Zakeyu anasuzumira pansi pa benchi. Chitini chinali pomwepo, koma atachinyamula chinali chitapepuka. Bulashi inali yonyowa, yofiira mpaka ku chigwiriro. Pamene ankaiika pansi ndi pamene anaona dzanja lake lamanzere: m'zikhadabo munali penti yaiwisi.

Sikelo anayang'ana dzanjalo, n'kuyang'ana mwini wake.

"Alamu, musandiuze kuti mwalemba Posalemba."

Zakeyu anavala nsapato n'kuyamba kukwera, mawondo akulira.

Madontho ake anawapeza, koma asanu omaliza anali atathimbirira ngati a zaka khumi zapitazo. Kuchoka pa dontho lachisanu ndi chiwiri panayambira mzere wina, wokhotera kudzanja lamanja, kumene kulibe njira. Madontho ake anali owala, onyowa, ndipo lililonse linali ndi kamchira kokhota ngati mbedza. Anagwada n'kuyang'anitsitsa limodzi, kufuna kupeza polakwika. Panalibe. Iye mwini sakanatha kulumbira kuti si lake. Anatsata asanu, anatsata khumi, ndipo ataimika mutu anaona ena akupitirira, kutsika, kukhota, mpaka kuzimirira kuseri kwa miyala. Anabwerera chambuyo osatembenuka.

Anayesa kukhula ndi mchenga, anayesa ndi mwala, koma penti ya mafuta siimva zimenezo. Pankafunika parafini ndi bulashi ya waya, ndipo zonsezo zinali kunsi, ku Likhubula. Anawerengera masiku. Mirika anali mbali ina ya phiri ndi alendo awiri, ndipo malinga ndi ulendo wawo amayenera kufika pa Chisepo Lachitatu madzulo n'kukwera Sapitwa Lachinayi. Nthawi inalipo.

"Akafika ndisanabwere, musamulole kukwera," anauza Sikelo. "Mumuuze kuti ndanena ndine."

Anatsika tsiku lomwelo. Foni ya Mirika anaiimba kakhumi ali m'njira, osapezeka. Lachitatu analawirira m'mamawa, parafini ali m'chikwama. Ali pakati pa chikweza anaona chiperoni chikubwera kuchokera ku Mozambiki, nkhungu ija ya mvula yowaza imene imatha masiku osachoka. Inakwera phiri mofulumira kuposa iye.

Anafika pa Chisepo cha m'ma thiri koloko. M'kanyumbamo munali azungu awiri atafunda mabulangete, akunjenjemera. Zikwama zinali zitatu.

"Mirika ali kuti?"

Sikelo anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Anafika dzulo, alamu. Alendo anamva kuti kukubwera chiperoni, ndiye anati akwere lero. Ndinamuuza. Mulungu mboni, ndinamuuza. Ndinati bambo ako akuti usakwere. Anati, 'Amalume, anyamata aja akutumani eti?' Ndinati ayi mwanawe, Posalemba pali madontho amene si a bambo ako. Anaseka. Anati, 'Dzanja la ababa ndingalisokoneze ine?'"

Alendowo anafotokoza zotsalazo. Nkhungu inawapeza pa thanthwe lija. Mirika ataona madontho atsopano anaomba m'manja, n'kuwauza monyadira kuti awa alemba ndi bambo ake. Anawakhazika pansi kuti aone kaye lotsatira, poti nkhungu inali itathina. Anamumva akunena kuti "ili", patsogolo pang'ono "ili", kenaka "ili" wapatali. Anadikira maola awiri, n'kutsika okha.

Zakeyu sanakhale pansi. Sikelo anatenga tochi n'kumutsatira. Anafika Posalemba kukuyamba kuda, nkhungu ili yoti ukatambasula dzanja zala osaziona. Anaitana mpaka mawu anasasa. Phiri silinabweze ngakhale mawu awo omwe.

Ndiye foni inalira m'thumba mwa Zakeyu. Pamalo amenewo foni siigwira, magayidi onse amadziwa.

"Ababa?"

"Mirika! Uli kuti, mwanangu?"

"Ndikutsata madontho anu, ababa. Koma sakutha. Munalemba angati kodi?"

"Khumi ndi awiri okha! Enawo si anga. Ima pomwepo!"

"Ndi anu, ababa, ndikuwaona." Mawu ake anali odekha, ngati wa munthu amene ali pa ntchito. "Kungoti njira yake yatalika. Alendo anga ali bwino?"

"Ali bwino. Tamvera, tembenuka. Bwerera mmene wadzeramo."

Kunamveka kupuma, ndi phokoso la nsapato pa thanthwe.

"Ndatembenuka. Koma timichira tikuloza konkuja."

"Usatsate timichira! Ingobwerera dontho ndi dontho!"

"Chabwino. Koma kuno kukuzizira, ababa. Ndipo anthu awa akuti patsala pang'ono."

"Anthu ati?"

"Amene ndili nawo. Sakufuna kuti ndiziwayang'ana."

"Mirika, usadye chilichonse chimene angakupatse. Wamva? Mirika!"

Foni inangoti zii. Anaimbanso, anaimbanso. Sikelo anakhala pansi pa thanthwe lonyowalo n'kuyamba kulira ngati mwana.

Kutacha phiri linadzaza anthu. Anyamata omwe aja ankaseka Mirika ndi amene anakwera oyamba, ndipo tiwapatse ulemu wawo, anafunafuna ndi mtima wonse. Anatsata mzere wa madontho aja atagwirana chingwe. Unawatengera ola lathunthu mpaka pa mlomo wa chiphompho chimene pansi pake sipaoneka. Nkhungu itang'ambika pang'ono, anaona madontho akupitirira tsidya linalo, pa khoma la thanthwe loima chilili, pamene ngakhale nyani sangagwire. Panalibe nsapato, panalibe chipewa, panalibe magazi. Ena anatsika m'chiphomphomo ndi zingwe, anangopezamo madzi.

Chitini chija m'mawa uliwonse chinkapepukirabe. Zakeyu anayamba kugona atamanga dzanja lake lamanzere ku mwendo wa benchi. Ankadzuka mfundo ili chimangire, m'zikhadabo muli penti.

Lachisanu mnyamata wina dzina lake Lameki, amene mkazi wake anali ndi mwana wa masabata awiri, anasiyana ndi anzake m'nkhungu. Anatsata madontho, poti gayidi aliyense anaphunzitsidwa kutero. Anamupeza atakodwa pa kamtengo m'mphepete mwa chiphompho, ntchafu itathyoka. Anthu asanu ndi atatu anamutsitsa pa machira. Akudutsa pa Chisepo, palibe amene anayang'ana Zakeyu kumaso.

Madzulo ake wapampando anakhala naye pansi.

"Akulu, chisoni chanu ndi chathu tonse. Koma madontho aja atha anthu. Sabata yamawa kukubwera ana a sekondale makumi atatu, ndipo mukudziwa pali alendo ena amakwera okha mozemba. Anyamata akukana kuwakhudza. Akuti munalemba ndinu, mufufute ndinu."

"Ndikafufuta, mwana wanga adzera pati?"

Wapampando anayang'ana pansi.

Loweruka kunafika munthu amene palibe ankamuyembekeza. Edina, amake Mirika, anakhala m'tsinde mwa phirilo moyo wake wonse osalikwerapo, poti ankati kumwamba n'kwa mbalame. Anakwera tsiku lonse, masilipasi ali m'manja, mapazi atang'ambika. Atalowa m'kanyumbamo sanalire. Anakhala pansi moyang'anana ndi mwamuna wake.

"Abambo ake Mirika, ndamva zoti akufuna mufufute."

"Akutero."

"Munalemba osandifunsa. Musafufutenso osandifunsa. Mwanayo munamuuza nokha kuti abwerere dontho ndi dontho. Ali m'njira. Ine ndikumumva m'mimba muno."

Zakeyu anangogwedeza mutu. Koma Edina atagona ndi kutopa, Sikelo anamukokera mlamu wake pakhonde.

"Alamu, achemwali anga akulankhula ngati mayi, sindikuwatsutsa. Koma taganizani. Eni ake munawatsekera njira. Akufuna njira yawo. Mukawabwezera, mwina nawonso abweza chathu. Masiku atatu awa mwasunga madontho, wabwera? Fufutani, ndipo chitinicho mukachisiye konko, aone kuti mwagonja."

Apa ndi pamene ine ndimamumvera chisoni kwambiri Zakeyu. Akanakhala kuti wina mwa awiriwa akunena zopusa, zikanaphweka. Koma onse ankanena zomveka, ndipo panalibe wamkulu woti akamufunse, poti a Mulaviwa anapita ndi zimene ankadziwa. Anaganiza za Lameki, anaganiza za ana makumi atatu aja atandondozana m'nkhungu, aliyense akukhulupirira kamchira kake. Anaganizanso za mawu a Sikelo akuti "mwina abweza". Munthu womira amagwira ngakhale udzu.

Lamulungu m'mawa, Edina akadali m'tulo, ananyamula chitini, parafini ndi bulashi ya waya, n'kukwera yekha.

Chiperoni chinali chikadalipo, mvula yake ikuwaza ngati ufa. Anayamba watsata mzere wachilendo uja mpaka pa chiphompho. Anagwada, anavula chipewa.

"Ndalakwa ndine," anatero. "Mwanayo sadziwa kanthu. Tengani penti yanu, tengani njira yanu. Ngati mukufuna munthu, ndili pano."

Anaponya chitini ndi bulashi yake yolembera. Anatchera khutu kuti amve chikugwa. Sanamve.

Anabwerera Posalemba n'kuyamba ntchito. Anathira parafini pa dontho loyamba, anakhula mpaka thanthwe linayera. Kenaka dontho lachiwiri, lachitatu. Waya unkamudya zala koma sanasamale. Atamaliza khumi ndi awiri ake analowa mzere wachilendo uja, n'kufufuta khumi oyambirira, kuti munthu woima pa thanthwepo asaone poyambira. Parafini anathera pomwepo. Dzuwa liyenera kuti linali litafika pamutu, ngakhale silinkaoneka. Anabwerera pakati pa thanthwe, anakhala pansi, manja akutuluka magazi, n'kudikira kuti aone ngati eni ake amva.

Anamva nsapato.

Zinkachokera kudzanja lamanja, kutali, zikubwera pang'onopang'ono ngati za munthu wotopa kwambiri. Zinkayenda, n'kuima, n'kuyendanso. Ndipo pa kuima kulikonse kunkamveka liwu losasa, laling'ono.

"Ili."

Zakeyu anaimirira.

"Ili."

"Mirika!"

"Ili."

Nsapato zinafika pafupi, mapazi makumi atatu kapena kuchepera, pamene panali dontho loyamba mwa amene sanafufute. Zinaima. Zinapita uku, zinabwerera, zinapita uko.

"Ababa?" Sanali kuitana, ankangodzilankhulira, monga amachitira munthu amene wakhala yekha nthawi yaitali. "Ababa, athera apa. Lotsatira lili kuti?"

"Ndili pano! Bwera kuno, tsata mawu anga!"

Anathamanga, mawondo kuiwala kuti ndi odwala. Anafika pa dontho lija. Panalibe munthu. Anazungulira atatambasula manja, akugwira nkhungu yokhayokha. Komatu kupuma kwake ankakumva, pompo, pafupi ndi phewa lake, ndi kulira kwa zipi ya jekete imene anamugulira yekha ku Limbe.

"Mirika, ndine! Ndagwira apa, tambasula dzanja!"

"Sangasiye pakati," anatero Mirika chapansipansi. "Ababa sasiya pakati."

Pamenepo Zakeyu anazindikira kuti mwanayo sakumumva ndipo sakumuona. Chimene ankaona kumene analiko ndi madontho okha. Anagwira m'chikwama kufuna chitini, n'kukumbukira kumene chili. Anagwada, anakanda thanthwe kufuna dothi lofiira, panalibe dothi. Anayang'ana zala zake. Anafinya chala chimene waya unang'amba kwambiri n'kulemba pa thanthwe, pamalo penipeni pamene anafufuta, dontho ndi kamchira kake.

"Dikirani," anatero Mirika. "Ngati ndaona..."

Mvula yowaza ija inagwera pa dontholo. Linasungunuka m'mbali, linasanduka lotuwa, linatsetsereka ndi madzi. Analembanso. Analuma chalacho kuti magazi achuluke, analembanso, ataphimba ndi chipewa, koma thanthwe lonse linali madzi okhaokha oyenda pansi pa chipewacho.

"Ayi, si ili," anatero Mirika, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu ake ananjenjemera. Zakeyu anamumva akukoka mamina, n'kudzilimbitsa, monga ankachitira ali wamng'ono akagwa.

"Ndalakwitsa ndine. Ndaphonya penapake. Ndibwerere ndikayambirenso."

"Ayi! Mwanangu, ayi! Dikira pomwepo, ndikatenge penti! Mawa lomweli ndibwera nayo! Mirika!"

Nsapato zinatembenuka. Zakeyu anazitsatira chokwawa, akukuwa dzina lake, akumenya thanthwe ndi manja ong'ambikawo. Zinkayenda, n'kuima, n'kuyendanso, ndipo ulendo uno zinkapita mofulumira kuposa mmene zinabwerera.

"Ili," anamva patsogolo pake. Kenaka patali, "Ili."

Liwu lachitatu sanalimve bwino.